Ndani Anadya Mbeu ya Amai?

Dzina langa ndine Vivian, ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, ndimakhala ku Nyampande kuno ku Petauke. Sukulu ndinalekela giledi seveni, choncho mukaona chilembo chapendekeka, chiongoleni nokha mumtima. Koma nkhani, aa, nkhani ndimazitha. Pa mjigo wathu akaona kuti Vivian akubwela, ngakhale amene chigubu chake chadzadza kale amachikhuthula kuti ayambenso mzele.

Lelo sindikuuzani za eni ake. Ndikuuzani za m'nyumba mwathu, mmene ndinatsala pang'ono kupasula banja la mlongo wanga. Amai anati ndisalembe. Alamu anga anati ndilembe, koma ndisasiyeko kanthu. Ndamvela alamu.

1

Mlongo wanga wamkulu, a Lazarous, anakwatila chaka chatha. Mkazi wao ndi a Margarida, a ku Nyalugwe, ku Nyimba. Makolo ao anathawa nkhondo ku Mozambique kalekale, iwo anabadwila konkuno, koma kwa amai anga anali “a kutsidya” basi. Ndi munthu wamtali, wosalankhulalankhula, ndipo akaseka amaphimba pakamwa. Azimai a pamudzi ankati ndi wonyada. Ine ndinkapita kwao masana alionse kukawaluka tsitsi, kuwasesela m'nyumba ndi kuwauza kuti uyu ndi ndani, uja anathawidwa ndi ndani, ndipo uja musadzam'bweleke sefa chifukwa sibwela.

Kwathu tikakolola nshawa, amai amakhala pamphasa masiku awili kusankha zikuluzikulu zokhazokha. Amaziika m'thumba zosasenda, n'kumanga ndi luzi. Imeneyo ndi mbeu. Ngakhale mwana alile mpaka mau kutha, ngakhale ndiwo zisowe nsinjilo, thumba limenelo silikhudzidwa kufikila mvula itagwa.

Chaka chimenecho amai anauza a Lazarous kuti anyamule thumbalo alipititse kunyumba kwao.

“Apongozi,” anatelo amai kwa a Margarida, “nyumba yanu ndi ya simenti, makoswe salowa. Iyi ndi mbeu ya banja lonse. Isungeni.”

Alamu anagwada, anaomba m'manja, n'kuliika m'kachipinda kosungilamo katundu.

Pobwelela amai anandinong'oneza kuti, “Inenso agogo ako anandiyesa chomwechi nditangokwatiwa. Tione ngati a kutsidya amadziwa kusunga chinthu.”

Unali mwezi wa Julayi.

2

Mvula yoyamba inagwa pakati pa Novembala. M'mawa mwake amai anayala mphasa pansi pa mtengo wa mango, anatiitana tonse kuti tisende mbeu. A Lazarous analowa m'kachipinda kaja, anavula shati, analavulila malovu m'manja, n'kulikoka thumba ndi mphamvu zao zonse. Thumba linauluka ngati lili ndi mapiko, iwo n'kugwa chagada.

“Lauma bwino chaka chino,” anatelo akudzipukuta fumbi.

Amai anamasula luzi n'kukhuthula. Kunangomveka waaa, ngati masamba ouma. Atate anatola imodzi, anaidina. Inatseguka yokha, m'kati mulibe kanthu. Anatola ina. Mulibe. Inanso. Mulibe. Makoko okhaokha, osweka pang'ono kumutu n'kutsekedwanso bwinobwino, moti ukawaona patali ungati mbeu ya boma. Titasankha thumba lonse, zamoyo zinangokwana kabeseni kosambila m'manja.

“Makoswe awa,” anatelo atate, amene sakonda phokoso.

“Bambo a Lazarous,” anayankha amai, “munamuonapo khoswe amene akamaliza kudya amatseka chitseko?”

Kenako amai anayamba kutiyang'ana mmodzimmodzi, akuweluza mokweza. Atate mano anatha, nshawa amadya za phala zokha. A Lazarous amachoka mbandakucha kupita kudimba n'kubwela dzuwa litapendeka.

“Vivian sindimuwelengela,” anatelo amai. “Uyu chivinidwile chinamwali amangolawa chakudya. Mtanda umodzi wa nsima samaliza. Thupi ili likungobwela lokha mwa chisomo.”

Maso a amai anakaima pa a Margarida. Alamu anali ndi pakati pa miyezi isanu. Anayang'ana makoko, kenako anandiyang'ana ine. Ine ndinayang'ana nkhuku imene inkadutsa.

3

Masana omwewo ndinapita ku mjigo. Mnzanga Febby, amene timauzana zonse, anali atamva kale kuti kwathu kwachitika kanthu.

“Iwe Vivi, ati mbeu yanu yauluka?”

“Si nkhani yonena panja.”

“Nanga pano ndi panja? Pano ndi pa mjigo. Wadya ndani?”

Azimai onse anali atasiya kupopa. Amai Yvonne, amene amagulitsa vitumbuwa, anatsitsa ndowa imene anali atasenza kale. Mukudziwa mmene zimakomela anthu khumi akakhala chete kudikila pakamwa pako? Ndinakweza mapewa n'kunena kuti:

“Ine sindidziwa mwandi. Koma paja anthu a pakati amalakalaka zinthu.”

Ndinanena zimenezo zokha. Muwelenge nokha, mau ake ndi ochepa.

Koma nkhani ya pa mjigo imamela miyendo. Pofika madzulo, a Margarida ankadya nshawa m'mawa, masana ndi madzulo. Mailo lake, ankakazinga m'chiwaya atatseka mazenela. Pofika Lamulungu, amai Yvonne anali atawaona ndi maso ao akukweza kathumba pa basi ya ku Nyimba kutumiza kwa makolo ao. Mai wina anawonjeza kuti anthu a kutsidya ndi mmene alili, nkhondo inawaphunzitsa kubisa chakudya. Kutchalitchi alamu atakhala pa benchi, azimai awili anasuntha ndi zikwama zao.

A Lazarous anayesa kuwateteza.

“Amai, mkazi wanga chitengele pakati fungo la nshawa limam'sanzitsa. Ngakhale chiwawa chotendela sachifuna kuchiona.”

“Eetu,” anatelo amai. “Nawenso utadya thumba lathunthu ungazifunenso?”

A Lazarous anakanda kumutu n'kupita kudimba. Mlongo wanga ndi munthu wabwino, koma akaima pakati pa amai ndi mkazi wake amasanduka mtengo wa papaya, mphepo iliyonse imam'weyula.

Lachiwili amai anaimba foni kwa ankhoswe a alamu, amalume ao a Josphat. Anati abwele Loweluka adzatenge mwana wao, apite kwao akalangidwenso, akachilile komweko. Za kubwelela adzaona bwino pambuyo. Aliyense pamudzi amadziwa tanthauzo la “adzaona bwino pambuyo.” Mkazi wa a Teddy, oyandikana nafe, woyamba uja, anapita kukalangidwanso ine ndili giledi fili, mpaka lelo akulangidwabe.

4

Tsiku lomwelo chakudya chinandikana. Ndinkaona ngati aliyense akundiyang'ana mmene ndikutafunila. Ndinadziuza kuti munthu ngati ine sayenela kudya, ndipo ndikavutika ndi njala mokwanila, mwina Mulungu aona kuti ndalipila, nkhaniyo ingozilala yokha.

Lachitatu sindinadye. Lachinayi sindinadye. Ndinkamwa madzi okha, n'kumanga chitenje zolimba pamimba kuti isamalile pa anthu.

Amai atazindikila, anandigwila mapewa misozi ili m'maso.

“Mwana wanga, ukusala kudya chifukwa cha banja lathu?”

Ndikanati chiyani? Ndinagwedeza mutu.

Madzulo ake anakanena kwa amai a chigwilizano kutchalitchi. Anati m'nyumba imodzi muli wina wodya mbeu, muli wina wosalila banja, ndipo Mulungu amadziwa kusiyanitsa. Amai abusa anatumiza uthenga kuti ndidzatsogolele pemphelo la achinyamata. Febby anandipeza n'kundipempha kuti popeza ndili pafupi ndi kumwamba, ndim'tchuleko pa nkhani ya mnyamata wake wa ku Sasare amene anasiya kuyankha foni.

Alamu okha ndi amene sanatengeke. Iwo ankadya monga mwa masiku onse, atakhala pakhonde, poyela, ndipo amai akawaona ankati, “Taonani, alibe n'chisoni chomwe.”

Lachisanu masana anandipeza nditagona kuseli kwa khitchini. Anali ndi mbale ya phala.

“Mlamu, dzuka udye.”

“Ndikusala, alamu.”

“Ukusalila ndani?”

“Inu.”

“Ine ndakhuta, usavutike.”

Anaika mbaleyo pafupi ndi mphuno yanga n'kukhala pansi movutikila, atagwila msana.

“Vivian, mailo ndikupita. Palibe chimene ukufuna kundiuza?”

Ndinati, “Muyende bwino, alamu.”

Anadzuka n'kumapita. Phala lija anadya galu. Ndinam'yang'ana galuyo mpaka ananyambita mbale, ndipo ndikuuzani zoona, ndinam'chitila nsanje.

5

Loweluka cha m'ma naini a Josphat anafika pa njinga yamoto, kumbuyo atamanga mkoko wa nthochi. Anthu a ku Nyimba ngakhale akubwela ku mlandu sabwela chimanjamanja. Ndi bambo wamfupi, wa dazi, wa maso oseka ngakhale nkhope itakwinya.

Tinakhala pansi pa mango paja. Amai anabweletsa makoko m'beseni ngati umboni, n'kulongosola zonse kuyambila Julayi. A Josphat anatola khoko limodzi, analitsegula, analitseka, analitsegulanso.

“Ameneyu ndi mmisili,” anatelo. Kenako anatembenukila kwa alamu. “Margarida, mwana wa mlongo wanga, unadya mbeu ya apongozi ako?”

“Sindinadye, amalume.”

“Unatumiza kwathu? Chifukwa ngati unatumiza, ine sindinalandileko.”

“Sindinatumize.”

“Nanga anadya ndani?”

Alamu anayang'ana pansi. “Thumba anapatsa ine kuti ndisunge. Sindinalisunge. Ngati ndi kupita, tiyeni.”

Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi mtolo wa zovala womanga m'chitenje. Anali atamanga kale. Pamwamba pake ndinaona kachipewa ka mwana kamene ankaluka masana aja ine ndikuwauza nkhani. A Lazarous anaima, anakhala, anaimanso, n'kuyamba kupukuta galasi la njinga ya eni ake. A Josphat anatsitsa nthochi, n'kumangilila mtolo pamalo pake.

Pamenepo mimba yanga inalila. Osati pang'ono. Inalila ngati ng'ombe imene aitsekela m'khola mpaka masana, moti atate anatembenuka kuyang'ana ngati kukubwela mvula. Ndinaimilila kuti ndilankhule. Mtengo wa mango unazungulila kamodzi, a Josphat anakhala awili, ndipo ndinangomva amai akukuwa kuti, “Mayo, mwana wanga wagwa mu mzimu!”

Ndinatsitsimuka nditanyowa mutu wonse, mutu wanga uli pamiyendo ya alamu, akundimwetsa madzi a shuga ndi supuni. Amai ankandikupiza ndi mbale.

“Waona chiyani, mwana wanga? Mulungu wakuonetsa chiyani?”

Ndinati, “Amai, mbeu ndinadya ndine.”

6

Inde, owelenga. Ndine. Ena mwa inu munandiganizila kale pamene ndinayang'ana nkhuku, ndikudziwa.

Zinayamba chonchi. Nditatha msinkhu, alangizi anandiuza zambili, zina sizilembedwa m'magazini. Koma chimodzi chinali chakuti mtsikana wamkulu sadya ngati wolusa ng'ombe. Amatema pang'ono, amatafuna osaonetsa mano, ndipo amayamba ndiye kusamba m'manja. Ine kale ndinkadya bwino, mpaka anyamata kusukulu ankanditcha Chigayo. Ndiye ndinati tsopano aona. Ndinayamba kulawa chabe. Amai anandiyamikila, alendo anandiyamikila, ndipo ine ndinkachoka pa mbale mimba ikufunsa kuti nanga zenizeni zibwela liti.

Tsiku lina mu Julayi ndikusesa kwa alamu, iwo atagona chifukwa pakati pankawatopetsa masana, ndinalowa m'kachipinda kaja. Ndinati nditenge zitatu zokha. Makoko ndikanataya kuti? Panja akanaoneka. Ndinawatseka n'kuwakankhila pansi pa thumba. Mailo lake ndinati zisanu, ndipo ndi komaliza. Tsiku lililonse linali lomaliza, kwa miyezi inayi. Kachipinda kameneko kanasesedwa kuposa chipatala.

Ndikamaliza ndinkamva manyazi moti madzulo ndinkadya pang'ono kuposa kale kuti ndidzilange. Ndiye m'mawa mwake njala inkakula kuposa kale, n'kubwelelanso ku thumba. Ndipo poti thumba linkaoneka lodzadza, ndinkadziuza kuti sizinafike poipa.

Ndinafotokoza zonsezi ndikulila, mamina ali mbwee. Amai anakhala pansi pafumbi, mbale yokupizila ili m'manja.

Atate ndi amene anayamba kulankhula. “Ndinati makoswe. Sindinaphonye kwenikweni.”

“Anali Satana, amalume,” ndinatelo kwa a Josphat. “Ankandinong'oneza.”

“Ooo,” anatelo a Josphat. “Nanga pa miyezi inayi imeneyi, ananenepa ndi Satana kapena iwe?”

A Lazarous anaphulika kuseka, amai atawayang'ana anasandutsa chifuwa.

“Ndiye ndi alangizi,” ndinayesanso. “Akanapanda kundiletsa kudya...”

“Vivian.” Anali alamu, ndipo mau ao sanali okweza. “Alangizi anakuuza udye pang'ono pa anthu. Ngati analakwa, analakwa pamenepo. Sanakutume m'thumba. Ndipo sanakutume pa mjigo.”

Ndinafunafuna wina womukankhila. Njala, anyamata a kusukulu, Febby amene anandifunsa. Onse anali kutali. Pafupi panali ine ndekha ndi beseni la makoko.

“Ndinadya ndine,” ndinatelo. “Dzanja linali langa. Pa mjigo ndinanenanso ndine.”

7

Ndinkaganiza kuti chinsinsi m'nkhaniyi chinali changa chokha. Ayi.

“Ine ndinkadziwa kuyambila sabata yoyamba,” anatelo alamu.

Tonse tinawayang'ana.

“Munthu wa pakati sagona tulo tenitenti masana. Ndinkamva thwa, thwa, thwa, kenako tsache kawili, kenako thwa, thwa. Ndinati ndi mwana, ali ndi njala, kwao akuchita manyazi kudya, atenge pang'ono. Sindinadziwe kuti wasamukila m'thumba. Ndikanam'letsa tsiku loyamba, ndipo pamenepo ndinalakwa ine.”

“Nanga bwanji simunanene, apongozi?” anafunsa amai, mau atachepa.

“Amai, ine mtengwa wa chaka chimodzi, wa kutsidya, ndiloze chala mwana wanu amene amangolawa chakudya? Mukanandikhulupilila?”

Amai anavula duku, analivalanso. Kenako anauza atate kuti agwile tambala wofiila uja, amene ankasungila Khisimisi. Atate anam'thamangitsa kuzungulila nkhokwe kawili, mpaka a Lazarous anapeza ntchito imene akanaitha n'kum'gwila. Amai anatenga tambalayo, anayenda mpaka pamene panali alamu, n'kugwada. Chibadwile sindinaonepo amai anga atagwadila munthu wamng'ono kwa iwo.

“Apongozi, ndinakuweluzani musanalakwe. Masulani katundu.”

Alamu analandila tambala ndi manja awili, n'kupatsa amalume ao kuti agwile. Koma mtolo sanaukhudze.

“Amai, ndamva, ndipo zikomo. Za nshawa ndinakhululuka kale. Koma ine kutchalitchi anthu akusuntha pa benchi. Mwana wanga adzabadwa ali kale mwana wa wakuba. Zimenezo sizinachitikile pansi pa mango pano, sizingathele pano.”

Anatembenukila kwa ine.

“Masiku anayi sunadye. Njala yakoyo yandibwezela chiyani? Nshawa imodzi? Dzina langa? Unkangodzimvela chisoni wekha, ine ndikumanga katundu.”

Anathyola nthochi zinayi pa mkoko uja n'kundiika pamiyendo.

“Idya. Pompano, tonse tikuona, mano aonekenso. Ukamaliza upite kumene unayambitsila nkhani ukaimalize. Ine ndikhala pano. Mtolo uwu ukhala pa njinga.”

Kudya nthochi anthu asanu ndi tambala akukuyang'ana si chinthu chapafupi. Yoyamba inavuta kumeza. Yachiwili inatsika bwino. Nditamaliza yachinayi ndinayang'ana mkoko, ndipo a Josphat anausunthila kumbuyo kwao.

8

Loweluka masana pa mjigo pamadzadza, chifukwa aliyense amachapa za kutchalitchi. Ndinafika nditasenza beseni la makoko, amai ali pambuyo panga ngati wapolisi.

“Abusa afika!” anakuwa Febby. “Ati bwanji kumwamba za wanga wa ku Sasare?”

Ndinatsitsa beseni. Nditaona azimai onse asiya kuchapa, makutu ali tcheu, kamzimu kanga kakale kanadzuka. Ndinati ngati ndi kufa, ndife ndikusimba bwino.

“Azimai, mwamva za mbeu yathu? Wakuba wapezeka.”

“Paja tinanena!” anatelo amai Yvonne.

“Ndi wamfupi, wa masaya, amakonda kusesa m'nyumba za eni, ndipo waima patsogolo panu.”

Ndinawauza zonse. Ndinawaonetsa mmene ndinkadinila khoko n'kulitseka. Ndinayelekeza kugwa kwa a Lazarous, kulila kwa mimba yanga, ndi funso la a Josphat lija. Anthu anaseka mpaka mai wina anakhala m'beseni la zovala zake. Koma nditafika pa mau anga a pa mjigo pomwepo, ndi pa kachipewa ka mwana kali pamwamba pa mtolo, kuseka kunatha.

Amai anga anafunsa kuti, “Amai Yvonne, basi ija munaiona inali ya mtundu wanji?”

Amai Yvonne anayang'ana m'ndowa mwao. “Mwina anali munthu wina wamtali.”

Palibe anauza mnzake chochita. Mai mmodzi anadzadza chigubu n'kuyamba kuyenda kulowela kwathu. Wina anatsatila. Amai Yvonne anasenza ndowa yao yaikulu. Tinafika pabwalo tili mzele wa anthu khumi ndi awili, ndipo aliyense anakhuthula madzi ake m'dilamu la alamu, n'kuwapatsa moni ndi dzina lao, osati “a kutsidya.” Dilamu linadzadza, miphika inadzadza, mpaka a Josphat anati ngati madzi atsala awatsukile njinga.

Alamu anadikila mpaka womaliza atakhuthula. Kenako anadzuka, anapita pa njinga, n'kumasula mtolo ndi manja ao.

“Mlamu,” anandiitana, “tenga ukalowetse. M'chipinda chogona. Kachipinda kaja ndikhoma.”

A Josphat anabwelela ku Nyimba okha, atadya ntchafu ya tambala.

*

Mbeu sinabwelele chifukwa ndapepesa. Ndinapalila m'munda mwa a Teddy masabata atatu kuti andipatse mbeu yao yotsala. Tinabzala mochedwa, munda wa nshawa unali theka, ndipo chaka chonse ndiwo zotendela zinali za Lamulungu lokha. Aliyense akaona chiwawa chopanda nsinjilo ankandiyang'ana, ine n'kuvomela kuti inde, ndi ntchito yanga. Pemphelo la achinyamata anatsogolela wina. Mwana wa alamu anabadwila kwathu mu Malichi, wamkazi, dzina lake Charity, ndipo amayamwa mopanda manyazi.

Atsikana anzanga amene mukuwelenga, ine si mlangizi, koma ichi ndinachiona ndekha. Ndinkachita manyazi ndi njala, chinthu chimene ngakhale abusa ali nacho, koma sindinachite manyazi kunamizila munthu wosalakwa. Ndinkati ndikadzimana chakudya ndiye kuti ndalapa, pamene kulapa kwenikweni kunkandidikila pa mjigo. Ngati muli ndi njala, nenani kuti ndili ndi njala, mudye pa mbale, anthu akuona. Ngati mwadya chimene simunayenele kudya, nenani kuti ndadya ndine, mwamsanga, wina asanayambe kumanga katundu chifukwa cha inu.

Masiku ano ndimadya mitanda iwili, tsiku lolima itatu, ndipo ndimasamba m'manja ndikakhuta. Sabata yatha kunabwela alendo a ku Sasare, ndipo mai wina atandiona ndikuwonjezela ndiwo anati, “Koma mtsikana uyu amadya!” Ndisanatsegule pakamwa, amai anakankhila mbale kwa ine n'kuyankha kuti, “Amadya, inde. Musiyeni adye tikumuona.”